Mazira Anayi a M'chipewa Changa

Nkhani iyi ndakhala ndikuithawa kwa zaka zambiri. Wina akaiyamba paukwati, ine ndimadzuka n'kunena kuti ndikaone ngati njinga yanga ikadalipo. Koma poti anthu a kwa Malomo ayamba kuithira mchere wambiri, mpaka ena akuti ndinagula bokosi n'kuitana kwaya, kuli bwino ndiinene ndekha. Bokosi sindinagule. Zinazo, ee, ndinachitadi.

Zinali zaka zija matipate atangobwera kumene. Aliyense anali ndi ufulu wolankhula, mavenda anali atadzaza m'misewu, ndipo katundu wa ku Joni anayamba kufika mpaka kumapiri kwathu kuno. Ine ndinali mmodzi wa aphunzitsi aja analembedwa mothamanga sukulu ya pulaimale itakhala yaulere. Maphunziro a uphunzitsi ndinachita a masabata owerengeka, koma tayi ndinkamanga ngati ndachokera ku yunivesite. Ndinkaphunzitsa Science ku Standard 6. Mawu amenewo muwasunge, Science, chifukwa ndi amene anandipweteka.

Kwathu n'ku Bowe, ku Dowa, koma ndinakwatira chikamwini m'mudzi wina kufupi ndi kwa Malomo. Mkazi wanga Nabanda ndinamupeza ali ndi mwana mmodzi, Tadala, yemwe bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu. Pa nthawi ya nkhaniyi anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ine ndinali nditakhala pakhomopo zaka ziwiri.

Mwanayo sankandichitira mwano ayi. Madzi ankandipatsa atagwada. Koma kusukulu ndinali "aphunzitsi", kunyumba "aphunzitsi", ngakhale ndili kumunda wopanda nsapato, "aphunzitsi". Mawu oti "ababa" sanatulukepo pakamwa pake. Zinkandiwawa, ndisaname. Ndinkangonamizira kuti sindikuziwerengera.

Ndiye malume ake aang'ono a Tadala, ogwira ntchito ku Joni, anabwera kudzaona abale n'kumusiyira mphatso. Kanali kanthu kapulasitiki kachikasu, kooneka ngati dzira, kokhala ndi kagalasi pakati ndi timabatani titatu m'munsi. M'kagalasimo munali kankhuku ka timadontho takuda, koyenda uku ndi uku. Kakamva njala kankalira kuti pii! pii! pii! ndipo mwini wake ankayenera kukadyetsa podina timabatanito. Ana ankangoti kagemu.

Sabata imodzi yokha, ana onse a m'mudzi anali atakadziwa. Ngakhale aja a Standard 1 olephera kulemba dzina lawo ankatobwanya timabatani tija ngati anabadwa nato. Ine ndinakaletsa kusukulu, ati kakusokoneza maphunziro. Chilungamo chake n'chakuti ndinkakaopa. Ife tinakula tikudziwa kuti wailesi ya bambo siigwiridwa. Ukapotokola batani, wailesi n'kusiya kulankhula, tsiku limenelo unkadziwa kuti lamba ndi wa chiyani. Mpaka lero chinthu chokhala ndi mabatani ndimayamba ndachipatsa ulemu.

Itakwana holide, ana okonzekera kulandira Ukaristia woyamba anaitanidwa kukagonera ku parishi kuyambira Lachinayi mpaka Loweruka. Lachinayi m'mawa, ndikupopa njinga pakhonde, Tadala anabwera n'kugwada.

"Aphunzitsi."

"Ee, Tadala."

"Asisiteri akuti tisapite ndi zoseweretsa. Mundisungire aka."

Ndinacheuka kuti mwina kumbuyo kwanga kuli munthu wina. Amayi ake anali pomwepo akuswa mtedza. Agogo ake, apongozi anga, anali kuseri kwa nkhokwe, kumene ankakhala nthawi zonse ine ndikakhala pabwalo, poti mkamwini ndi apongozi sayang'anizana. Anthu onsewo analipo, koma mwana anasankha ine.

"Ineyo?"

"Inuyo."

Abale, mtima wanga unasungunuka. Chinthu chimene ankagona nacho, chimene sankalola ngakhale amayi ake kuchigwira nthawi yaitali, anachiika m'manja mwanga.

"Kakalira mudine apa, kenako apa, apa, basi. Mwaona?"

Sindinaone kanthu. Zala zake zinangoti waliwali. Koma mphunzitsi wa Science angauze mwana wa Standard 4 kuti tabwereza?

"Simple," ndinatero. "Pita bwino. Usade nkhawa."

Atangozimiririka pa njira ya kuchigwa, ndinathamangira kwa mayi ake.

"Nabanda, kanthuka sikanabwere ndi pepala la malangizo?"

"Linalipo."

"Lili kuti?"

"Amayi anapichirira fodya."

Basi. Malangizo onse anali atatuluka kale m'mphuno mwa apongozi.

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kope ndi bolopeni. Ndinadina batani lakumanzere kamodzi, n'kudikira kuti ndione ngati kaphulike. Sikanaphulike. Ndinalemba: Step 1. Ndinadina lapakati. Step 2. Patatha pafupifupi ola lathunthu, thukuta lili kamukamu, ndinapeza njira ya chakudya. Kankhuku kaja kanadya. Ndinatseka kope n'kulumbira kuti kupitirira pamenepo sindipita, ndipo batani lakumanja sindidzaligwira ngakhale mwangozi.

Vuto linali lakuti katadya kangapo kanayamba kupukusa mutu, kukana. Ine ndinati ayi, pakhomo panga mlendo sanyamuka ndi njala, ndipo aliyense amayamba wakana mwaulemu. Ndinafufuza mpaka ndinapeza kachithunzi kena konga keke. Ameneyo sikankakana. Kakati pii, keke. Kakati pii pii, makeke awiri. Kakangokhala chete ndinkada nkhawa, n'kuwonjezera ina.

Chakumadzulo, dzuwa likupendeka, ndinasuzumira m'kagalasi muja n'kuona chinthu chatsopano. Pambali pa kankhuku panali kamulu kakuda, kozungulira m'munsi, kosongoka pamwamba.

"Nabanda! Nabanda! Tabwerani!"

Anabwera akuthamanga, lichero lili m'manja.

"Kaikira!"

Anayang'anitsitsa, n'kundiyang'ana ine.

"A Phiri, si kamwanapiye aka? Sabata yatha yomweyi kanali kopanda ndi mapiko omwe."

"Zamakono sizidikira miyezi isanu ndi umodzi ngati nkhuku zanu zam'mudzi."

"Nanga tambala wake ali kuti?"

"Nabanda, zinazi n'za Science."

"Nanga timizere tikukwera pamwambapa n'tachiyani? Kakuchita ngati kakufuka."

"Heat. Kutentha. Dzira lamoyo limatentha. Topic imeneyi ndinaphunzitsa temu yatha."

Anagwedeza mutu n'kubwerera ku mtedza wake. Ine maganizo anali atapita kale patali. Ndinkadziona Loweruka ndikumubwezera Tadala kagemu kake ndi tianapiye tikutsatira mayi wawo pambuyo. Mwana anasiya nkhuku imodzi, apeza khola. Ndinati tsiku limenelo, ngakhale atauma mtima bwanji, mawu aja atuluka basi.

Tsono aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa lamulo la nkhuku yofungatira: siisokonezedwa. Ndinatenga chipewa changa chopitira kutchalitchi, ndinaikamo masangwi a mtedza ouma bwino, n'kukhazikamo kagemu kaja. Chipewacho ndinachiika pansi pa bedi, pamalo a mdima. Ndinalamula kuti m'chipindamo musasesedwe, ndipo chitseko chizitsekedwa pang'onopang'ono.

Lachisanu m'mawa mazira anali awiri. Pofika masana, anayi! Kankhuku kanali katapanikizika pakona, malo atachepa, ndipo kankalira kosalekeza.

"Kakulira kanthu kanu," anatero Nabanda.

"Nkhuku yofungatira imalira mukaiyandikira. Tulukani."

"Ine ndimati mwina kakufuna china chake."

"Kakufuna mtendere."

Tsiku lomwelo kunali mapemphero a mphakati kwa a Damiyano, malume ake aakulu a Tadala. Amenewa ndiwo anali mwinimbumba, munthu wamtali wolankhula pang'onopang'ono, amene m'mudzi monse ankamudalira pa nkhani zolemera. Titatha kolona, ndinalephera kudzigwira. Ndinatsokomola pang'ono n'kunena kuti kwathu kuli kachitukuko.

Mphakati wonse unanditsatira. Ndinawalowetsa m'nyumba mmodzimmodzi, nsapato atavula, kulankhula monong'ona. Amayi ena anati dziko lapita. Abambo ena anafunsa ngati mazirawo angakazingidwe. A Damiyano anayang'ana nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno.

"Akaswa, kamodzi n'kanga, alamu," anatero. "Mbumbayi ndi yanga."

"Musadandaule, alamu."

"Koma tidzakatulutsa bwanji m'galasimu?"

"Imeneyo ndi Step ina. Tidzaona ikadzafika."

Pawindo panali patadzaza mitu ya ana. Ndinkamva akunong'onezana, ena akufwenthera ndi kuseka. Kamtsikana kena ka Standard 2, kopanda mano akutsogolo, kanakweza mkono ngati kali m'kalasi.

"Sir! Sir! Pamenepo timangodina mpaka pakachithunzi ka bakha, kenako..."

"Silence!"

"Koma Sir, amenewo si..."

"Ndati silence! Inu ana mumangotobwanya chilichonse osaganiza. Mukufuna mazira asukuluke? Chokani pawindopo, mukutchinga mpweya!"

Anabalalika akuseka, ena mpaka kugubuduzika pafumbi. Ine ndinauza akuluakulu kuti vuto la matipate ndi limenelo, ana alibenso mwambo. Onse anavomereza.

Loweruka m'mawa ndinakoka chipewa chija mosamala, ndili ndi chiyembekezo choti ndimva tianapiye. Kankhuku kanali katakhala pansi, katafulatira, osayenda. Pamwamba pake panali kachigaza ka mutu wa munthu, kofanana ndendende ndi kaja kamakhala pa botolo la mankhwala opopera fodya.

Ndinakapatsa keke. Sikanacheuke n'komwe.

"Nabanda, kadwala."

"Si mumati kakufuna mtendere?"

"Ino si nthawi yake, mayi."

"Bwanji osaitana ana aja? Amakadziwa."

"Ana? Pa matenda? Mukudwala inuyo ndingakuitanireni ana a Standard 2?"

Ndinakumbukira Che Yusufu, wokonza mawotchi ndi mawailesi pamsika wa kwa Malomo. Munthu ameneyo wotchi yomira m'chitsime ankaidzutsa. Ndinakulunga chipewa m'nsalu, n'kuchimangirira pachifuwa mkati mwa jekete. Njinga ndinakwera pang'ono pokha. Potsetsereka ndi pamabampu ndinkatsika n'kumaikankha, kuopa kuti mazira angagwedezeke. Ulendo umene ndinkayenda osatuluka thukuta unanditengera m'mawa wonse.

Che Yusufu ndinawapeza pabenchi pawo, kagalasi kokuzira zinthu kali padiso, akutokosa m'mimba mwa wotchi ya munthu wina.

"Aphunzitsi! Lero mwadzuka ndi chiyani? Wailesi?"

"Matenda, Che Yusufu."

Ndinamasula nsalu, n'kuika chipewa pabenchi. Anayang'ana masangwi a mtedza, anayang'ana ine, kenako anatola kagemu ndi zala ziwiri.

"Pang'onopang'ono! Muli mazira!"

Anakayang'ana kutsogolo, anakayang'ana kumbuyo, anakaika kukhutu.

"Batire ili bwino. Nditsegule tione?"

"Mutsegule? Nkhuku yodwala mumaiyamba ndi mpeni?"

"Ndiye nditani?"

"Mukapatse mankhwala."

Che Yusufu anachotsa kagalasi padiso n'kupuma mozama.

"Aphunzitsi, ine ntchito yanga ndi mawotchi ndi mawailesi. Za ziweto pitani kwa alangizi."

Tikadali kukangana choncho, kanthu kaja kanalira kulira kumene sindinakumvepo, kwakutali, kotsika pang'onopang'ono. Piiiii... piii... pi. Kenako zii. Tonse awiri tinaweramira pagalasi. Kankhuku kunalibe. Mazira kunalibe. Panali kamtanda kozikika pansi, ndi kanthu kamapiko kakuyandama pamwamba pake.

Che Yusufu anandigwira paphewa.

"Pepani, aphunzitsi. Komatu kanali ka mpingo wanu. Taonani mtandawo."

Sindinaseke. Njira yonse yobwerera ndinakankha njinga, ngakhale pamalo abwinobwino. Mwana anandidalira kamodzi kokha pa zaka ziwiri, ndipo ine pa masiku awiri ndinamuphera chiweto pamodzi ndi mazira anayi. Ndinkadzifunsa kuti ndikamuyang'ana ndi nkhope yanji.

Nabanda ataona kamtandako anayamba kuseka. Koma ataona nkhope yanga anasiya, n'kukhala pansi pakhonde.

"Mwana uja," anatero motsitsa mawu, "bambo ake atamwalira anatha mwezi wathunthu osalankhula. Anamva kwa ana anzake kuchitsime. Palibe wamkulu amene anamukhazika pansi."

Apo ndiye zinthu zinalemera zenizeni. Tinagwirizana kuti ulendo uno zichitike mwadongosolo. Uthenga wa imfa sauzidwa ndi amene anali pamatenda, komanso mkamwini sangangodzuka n'kuulula zovuta za m'mbumba ya eni. Ndinapita kwa a Damiyano n'kugwada.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, maso ali pansi.

"Ndi mazira omwe?"

"Onse, alamu."

"Ndi langa lija?"

"Ndi lanu lomwe."

Anapukusa mutu. Kenako anayala dongosolo. Mwana asauzidwe panjira. Asauzidwe ataimirira. Ayambe wakhala pamphasa, amwe madzi, ndipo nkhani iyambire patali. Ine ndisalankhule mpaka atandipatsa mpata. Anawonjezera kuti pafunika chipepeso, choncho ndinagwira thadzi langa lakuda, lokhalo limene ndinabwera nalo kuchokera ku Bowe, n'kulimanga miyendo.

Tinayala mphasa ziwiri pabwalo. Kagemu ndinakakulunga m'kahanki koyera n'kukabwezera m'chipewa. Tsono kumudzi mukayala mphasa masana, amuna awiri n'kukhala atazolika, simufunika kuitana anthu. Anayamba kubwera okha. Amayi a mphakati anakhala mbali yawo, nsalu atafunda kumutu. Apongozi anali pamalo pawo kuseri kwa nkhokwe, atatifulatira. Ana aja anakwera mumtengo wa mango, ndipo sindinawathamangitse, mphamvu ndinalibe.

Dzuwa litapendeka tinamva atsikana akubwera akuimba nyimbo za ku parishi. Tadala anatulukira pa ngodya ya nyumba, kathumba kali pamutu. Ataona mphasa ndi anthu, nyimbo inathera pakhosi. Kathumba kanagwa pansi. Ndinaona maso ake akuthamanga, kufunafuna. Anapeza amayi ake. Anapeza nsana wa agogo ake. Kenako anapeza ine, ndipo ndinaona mapewa ake akutsika pang'ono. Zoti nanenso ndinali pa mndandanda wa anthu amene ankawafuna sindinkazidziwa.

"Takhala apa, mwana wanga," anatero a Damiyano. "Mpatseni madzi."

Anamwa.

"Mwayenda bwanji ku parishi?"

"Bwino, amalume. Kwachitika chiyani?"

"Asisiteri ali bwanji?"

"Ali bwino. Amalume, kwachitika chiyani?"

A Damiyano anakonza pakhosi. Anayambira pa chimanga, chimene timabzala chimere, chikule, kenako chiume. Anapita pa udzu wa kudambo. Anafika pa masiku a munthu, amene mwini wake sawadziwa. Amayi ena anayamba kufwenthera. Anati pali matenda ena obwera mwadzidzidzi, oti ngakhale uthamange nawo kwa odziwa, sizitheka. Anati aphunzitsi apa anayesetsa, anayenda wapansi mpaka kwa Malomo, palibe angawaloze chala.

"Amalume," Tadala anadula, misozi ili m'maso, "wamwalira ndani? Ndi amalume a ku Joni?"

"Ayi, amenewo ali bwino."

"Nanga ndani?"

A Damiyano anandiyang'ana n'kugwedeza mutu. Ndinayenda chogwada mpaka pamphasa yake, ndinaika chipewa patsogolo pake, n'kufunyulula kahanki. Chimene chinatuluka pakamwa panga n'chakuti, "Pepa, mwana wanga. Ndalephera."

Anayang'ana m'chipewa. Anatola kagemu. Anayang'ana kamtanda kaja, anayang'ana mphasa, amayi ofunda kumutu, thadzi lomangidwa miyendo. Milomo yake inayamba kunjenjemera, ine n'kuti basi, kulira kuja kwayamba.

Kunali kuseka. Anaseka mpaka kugona chammbali pamphasa. Mumtengo wa mango namo munaphulika, mwana wina mpaka anagwa.

"Anthu onsewa... chifukwa cha aka?"

Anapukuta misozi, anachotsa kaphini kamene kanagwira lamba wa diresi lake, anatembenuza kagemu, n'kubaya pakabowo kakang'ono kumbuyo kwake. Pii! Anandionetsa. Mtanda kunalibe. Pakati pagalasi panali dzira limodzi, loyera, lamawangamawanga, likugwedezeka.

"Kaswa posachedwapa," anatero. "Kameneka kafa kasanu ndi katatu tsopano. Ulendo wina tinakasiya dala osakadyetsa kuti tione kuti kamafa bwanji."

"Dala?" anafunsa a Damiyano.

"Eya. Nanga tikanadziwa bwanji?"

Amayi aja anayamba kuvundukula nsalu kumutu mmodzimmodzi. Munthu wanzeru akanakhala chete pamenepo. Koma ine ndinali nditayang'anitsitsa dzira lija, ndipo silinkafanana n'komwe ndi anga aja.

"Nanga mazira ena aja," ndinafunsa, "abweranso?"

"Mazira ati?"

"Anayi aja. Akuda. Osongoka pamwamba."

Tadala anasiya kuseka.

"Ofuka timizere?"

"Omwewo! A heat."

Anatseka pakamwa ndi manja onse awiri. Kuchokera mumtengo, kamtsikana kopanda mano kaja kanakuwa ndi mawu onse:

"Ndimakuuzani ine, Sir! Zinali zitosi!"



"Kakadya kwambiri kamachita chimbudzi," Tadala anafotokoza, akulimbana ndi mpweya. "Mumayenera kudina pakabakha, madzi n'kukokolola. Mukazisiya kamadwala. Mwazisunga masiku angati?"

"Awiri," anayankha Nabanda m'malo mwanga. "M'chipewa cha kutchalitchi. Ine kusesa anandiletsa."

"Ife tinavula nsapato!" anakuwa amayi ena.

"Wina anafunsa zokazinga!"

A Damiyano anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono.

"Alamu," anatero, "gawo langa lija ndakusiyirani."

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka phokoso ngati munthu watsamwa. Anali apongozi. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirire changa anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, mwambo onse ataiwala.

"Aphunzitsi a Science!" anatero, n'kufulatiranso.

Anthu anabalalika akugwirana mapewa, aliyense akuthamangira kukauza amene sanabwere. Ine ndinatsala pamphasa ndi chipewa changa chonunkha mtedza. Ndinayamba kumasula thadzi lija kuti libwerere m'khola.

"Nkhukuyo ndiye ndalandira," anatero Tadala. "Chipepeso sichibwerera."

Ndinalimanganso. Iye anakhala pambali panga, akudyetsa kamwanapiye katsopano kamene kanali kataswa kale. Zala zili waliwali, osayang'ana n'komwe. Manyazi anali atandikwana, koma chinthu chimodzi chinkanditonthoza, ndipo ndinafuna ndichimve kuchokera pakamwa pake.

"Tadala, tandiuza. Amayi ako analipo, agogo ako analipo. Unasankhiranji ine?"

Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Kaja kanakula moipa. Kanali ndi chimlomo chachitali, kosamvera, kongolira. Ndinkafuna kafe kuti ndiyambe kena."

"Ndiye osangobaya kumbuyoko bwanji?"

"Sabata yolandira Ukaristia? Ndikanakaulula chiyani kwa abambo mfumu? Kuti ndapha?"

"Ndiye..."

"Ndiye ndinaganiza. Ndikapatsa amayi, afunsa ana anzanga, kakhala moyo. Ndikapatsa agogo, andisungira bwinobwino. Koma ababa safunsa munthu." Anandimwetulira ndi mano onse. "Ndinadziwa kuti ababa, masiku awiri okha, ntchito yatheka."

Ababa. Kawiri konse, mpweya umodzi. Zaka ziwiri ndinadikira mawu amenewo, ndipo anafika atakwera pa zitosi zinayi. Ndinawalandira choncho, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanandiitanenso kuti aphunzitsi pakhomo.

Mwana akakuuzani kuti amakudalirani, ingothokozani, musafunse kuti pa ntchito yanji.